Bruce Lee, Jackie Chan kapena Gordon Liu: dolo weniweni wa matchaina akale ndani?

Yamikani Chilomoni: Anthu a pagulu pano ndikudziwa ena mundilusira koma ndinena basi. Pa matchaina onse akale aja filimu yoposa zonse si ya Bruce Lee ayi. Ndi The 36th Chamber of Shaolin ya 1978, ya Gordon Liu wometa mpala uja. Chifukwa changa nchimodzi: Bruce amalowa mu filimu ali kale dolo, kuyambira pachiyambi ukudziwiratu kuti palibe amugwetse. Pomwe mu 36th Chamber staring'i amayamba ali mbuli ngati iwe ndi ine, mwana wasukulu, asilikali a Manchu amupulula abale ake ndi anzake, iye kuthawa atavulala nkukalowa ku kachisi wa Shaolin atabisala m'dengu la ndiwo zamasamba. Ndiye pakati ponse pa filimu ndi kuphunzira kokhakokha, ndipo sutopa nayo. Bwerani mundigende.

Madala Gondwe: Yamikani mwana wanga, wadya kale?

Chiko wa ku Joni: kkkkkk madala ayamba ndi kufunsa za nsima

Madala Gondwe: Ndikufunsa chifukwa njala imayankhulitsa zambiri. Popanda Bruce Lee inu ma Gordon Liu anuwo mukanawamvera kuti? Munthu ameneyu anangopanga mafilimu anayi omaliza bwinobwino monga staring'i ali wamkulu, The Big Boss 1971, Fist of Fury 1972, The Way of the Dragon 1972 yomweyo, ndi Enter the Dragon 1973, basi, nkumwalira ali ndi zaka 32 zokha. Koma pitani mudzi uliwonse kuyambira ku Nsanje mpaka ku Chitipa mukafunse agogo kuti Bruce Lee ndani, akuuzani. Mukafunse za Gordon Liu muone ngati sakuyesani kuti mukunena mbusa wa mpingo watsopano.

Yamikani Chilomoni: Kutchuka ndavomera madala, koma ine ndikunena filimu yake osati dzina

Madala Gondwe: Filimu yomweyo. Mu Big Boss uja amakhala pafupifupi theka la filimu osamenya munthu chifukwa analonjeza mayi ake, anzake aku fakitale ya ayezi akusowa mmodzimmodzi iye ali phee kumangogwira kamkanda ka pakhosi. Kamkanda kaja kataduka ife tonse mu holo tinaimirira. Kudikira kumene kuja ndi luso mwana wanga. Filimu imeneyo anajambulira ku Thailand ndi ndalama zochepa zedi, koma inaphwanya mbiri ya malonda ku Hong Kong, kenako Fist of Fury inaphwanyanso mbiri ya inzakeyo.

Tiya265: Ine mundikhululukire akuluakulu koma mafilimu amenewa ndimalephera kuonera. Pakamwa pakuyenda kwina mawu akubwera kwina, chibakera chisanafike phokoso lamveka kale, munthu angotukula mkono mphepo kulira fyuu. Bola Ip Man ya Donnie Yen

Chiko wa ku Joni: Admin muchotseni mfana uyu

Admin Fatsani: Sitichotsa munthu chifukwa chobadwa mochedwa kkkk. Muphunzitseni

Sensei Mavuto: Tiya mphwanga, zapakamwazo zili ndi chifukwa chake. Nthawi imeneyo ku Hong Kong ankajambula opanda mawu, kamera ikungotenga zithunzi, mawu onse ndi phokoso la zibakera ankadzaika pambuyo mu situdiyo. Ankatero kuti ntchito iziyenda msanga komanso filimu imodzi yomweyo ankaigulitsa mu Mandarin, mu Cantonese, mu Chingerezi, kwina konse. Ndiye zimene tinkaonera ife kuno zinali zoika mawu a Chingerezi mothamanga, anthu ochepa omwewo akuyankhulira ma akita onse, nchifukwa chake nkhalamba ya mu filimu iyi ndi chigawenga cha mu filimu ina mawu amakhala amodzimodzi. Komanso Ip Man amene ukumukondayo anali munthu weniweni, ndi amene anaphunzitsa Bruce Lee kung fu yotchedwa Wing Chun ali mnyamata ku Hong Kong. Filimu ya Donnie Yen ija ndi ya 2008 ndipo anthu ambiri anakaionera chifukwa anamva kuti ndi nkhani ya aphunzitsi a Bruce.

Tiya265: Oho izi sindimadziwa. Koma mphepo ya fyuu ija ndiye ayi

Chiko wa ku Joni: Iwe ukudandaula pakamwa koma umaonera mafilimu omasulira ma DJ athu aja, mzungu wa ku New York akuti ndikupita kwa Jenala kukagula bonya

NaBanda: kkkkk Chiko mwandipha

Yamikani Chilomoni: Tabwererani ku nkhani yanga. Tiya tamvera zipinda zophunziriramo za mu 36th Chamber. Choyamba kuti ukadye uyenera kuoloka kadziwe podumpha pa timitolo ta mitengo toyandama, ukagwera m'madzi sulowa kodyera uli chinyowere, ukamauma chakudya chatha. Kenako kusenza ndowa ziwiri za madzi kukwera nazo pamtunda manja atatambasula, m'mikono atakumangirira mipeni yoti ukangotsitsa mkono ikubaye m'nthiti. Kwina kuimba belu ndi nsungwi yaitali yolemera kunsonga ndi dzanja limodzi kuti pamfundo ya dzanja palimbe. Kwina mutu uli pakati pa zofukiza ziwiri zoyaka, uzitsatira kandulo ndi maso okha, ukatembenuza mutu wapsa tsaya. Kwina kumenya matumba a mchenga ndi mutu. Ndiye ubwino wake ndi wakuti akatuluka kukamenyana ndi adani chilichonse anaphunzira chija umachiona chikugwira ntchito, mutu uja, maso aja, umachita kuloza kuti ichi anachitenga chipinda chakuti. Zipinda zinali 35, cha 36 ndi chimene iye anapempha kuti atsegule choti aziphunzitsa anthu wamba akunja. Filimu iti ya Bruce imene inamangidwa bwino chonchi?

Sensei Mavuto: Apa ndili mbali ya Yamikani, koma ulemu usapite kwa Gordon Liu yekha. Mwini filimu ndi dayirekita Lau Kar-leung. Bambo ameneyu sanali wongophunzira za pa kamera, anali katswiri weniweni wa kung fu yotchedwa Hung Gar. Bambo ake Lau Cham anaphunzira kwa Lam Sai-wing, ndipo Lam Sai-wing anaphunzira kwa Wong Fei-hung mwini wakeyo, yemwe uja amaseweredwa ndi Jackie Chan mu Drunken Master ndi Jet Li mu Once Upon a Time in China. Ndiye akamaonetsa kaimidwe ka miyendo kaja si zopeka. Ndipo taonani mmene amajambulira, kamera ili patali, anthu awiri mukuwaona thupi lonse kuyambira kumutu mpaka kuphazi, amenyana maulendo ambirimbiri asanadule. Kuti zimenezo zitheke aliyense ayenera kuloweza sitepe yake ngati ovina mganda, mmodzi akaphonya kamodzi basi ayambirenso, kapena wina athyoka mphuno. Za masiku ano kamera amaigwedeza dala nkumadula sekondi iliyonse kuti musaone kuti akita sadziwa kanthu.

Madala Gondwe: A Sensei zimenezo nzoona koma mwangonena nokha kuti ndi gule. Bruce sankavina. Theche limodzi munthu pansi. Iye mwini ankadana nazo zoloweza masitayilozi, nchifukwa anayambitsa yake Jeet Kune Do, kutenga chimene chikugwira ntchito kaya chachokera ku nkhonya za azungu kaya kuti. Onani ndewu yake ndi Chuck Norris ku Rome ija mu The Way of the Dragon, poyamba akugonja, kenako akusintha kaimidwe nkuyamba kunjanja ngati wankhonya, Chuck osamupezanso. Ndipo filimu imeneyo analemba yekha, kuwongolera yekha, kusewera yekha.

Bambo a Tadala: Pamene anamuzula cheya cha pachifuwa nkuchiuzira paja kkkkk

NaBanda: Inu mukukangana za amuna okhaokha ngati kunalibe akazi. Ife atsikana ku vidiyo sho sankatilola, amayi ankati kumapita ana osalangika, ndiye tinkadikira alongo athu abwereke deki pa holide. Koma amene ndinamuona ine nkusiya kupuma ndi Angela Mao. Mu Enter the Dragon ndi mchemwali wake wa Bruce uja amathamangitsidwa ndi zigawenga nkuzimenya yekhayekha mpaka kudzibaya ndi galasi kuti asamugwire, mphindi zochepa chabe koma ndani anaiwala? Ndiye mukaone Hapkido ya 1972 mmene iye ndi staring'i, Sammo Hung ali mnyamata ali pambali pake. Asanabwere iyeyo kunali Cheng Pei-pei mu Come Drink with Me ya 1966, Bruce asanapange ndi imodzi yomwe mwa zinayi zanuzo madala. Mayi ameneyu anali wovina, ndi yemwe uja anadzasewera nkhalamba yoipa mu Crouching Tiger, Hidden Dragon mu 2000, wamwalira 2024. Kara Hui naye mu My Young Auntie, ya Lau Kar-leung yemweyo a Sensei, anapata nayo mphoto ya akita wamkazi wopambana pa Hong Kong Film Awards yoyamba. Koma mukakhala pa bawo ndi Bruce Bruce basi

Chiko wa ku Joni: Asisi mwaiwala Cynthia Rothrock, ameneyo pa bolodi la vidiyo sho akangolemba dzina lake ndi choko malo ankatha

NaBanda: Sindinaiwale, Yes Madam ya 1985 ali ndi Michelle Yeoh. Michelle yemweyo anadzatenga Oscar mu 2023. Bruce wanuyo anatenga?

Madala Gondwe: AnaBanda munthu anafa ali ndi zaka 32, mumafuna akatengere kumanda?

Bambo a Tadala: Pa nkhani ya imfa yomweyo ndifunse nawo. Ife tili ana tinkauzidwa kuti Bruce Lee anamuombera ndi mfuti akujambula filimu chifukwa palibe akanamutha ndi manja. Ena ankati amonke a Shaolin anamupha chifukwa ankaulula zinsinsi kwa azungu. Zoona nziti?

Sensei Mavuto: Bambo a Tadala anthu anasakaniza nkhani ziwiri. Woomberedwa akujambula ndi mwana wake Brandon Lee, mu 1993 pa filimu ya The Crow, mfuti imene ankagwiritsa ntchito pojambula inali ndi kachidutswa ka chipolopolo kotsalira mu mpope. Bruce anamwalira pa 20 July 1973 ku Hong Kong, anadandaula mutu ali kunyumba kwa akita wina wamkazi Betty Ting Pei, anamwa mankhwala opha ululu otchedwa Equagesic nkukagona, osadzukanso. Madokotala anapeza kuti ubongo unatupa. Miyezi iwiri mmbuyo mwake anali atakomokapo kale ku situdiyo ndi vuto lomwelo. Enter the Dragon inatuluka iye atapita kale, sanaone nkomwe mmene dziko linapengera nayo. Awiriwa bambo ndi mwana anagona moyandikana ku Seattle.

Bambo a Tadala: Shaa ndiye amonke tinangowanamizira

Chiko wa ku Joni: Chimene chimandinyansa ine ndi zimene anachita atamwalira. Game of Death ya 1978 ija, ya suti yachikasu, Bruce weniweni alimo mphindi 11 zokha kumapeto, akukwera nsanja mpaka kukakumana ndi chimunthu chachitali chija Kareem Abdul-Jabbar wa basketball amene anali wophunzira wake. Kwina konseko ndi anthu ena ovala magalasi akuda, pena akuonetsa kumbuyo kokha, ndipo pali pena anachita kumata chithunzi cha nkhope ya Bruce pa kalilole kuti tiziti ndi iyeyo. Mpaka anaikamo zithunzi za maliro ake enieni. Anthu a ndalama alibe manyazi aise

Yamikani Chilomoni: Nanga ma Bruce abodza aja kkkk Bruce Li, Bruce Le, Dragon Lee

Chiko wa ku Joni: Eeh ameneo anatidyera ma tambala athu. Pa bolodi alemba BRUCE LEE zilembo zikuluzikulu, walipira, walowa, wakhala pa benchi, jenereta ikulira kuseri, kenako ukuona munthu akukanda mphuno ndi chala nkumalira ngati mphaka koma nkhope si iyo. Ukadandaula mwini sho akuti ndi yemweyo anangonenepa

NaBanda: anangonenepa kkkkkkk

Tiya265: Nanga Jackie Chan simukumutchula bwanji, ameneyo ndiye ndimamudziwa

Chiko wa ku Joni: Ndimadikira wina ayambe. Kwa ine dolo ndi Jackie, ndipo chifukwa chake ndi ma Bruce abodza omwewa. Nayenso anafuna kumusandutsa Bruce wachiwiri, dayirekita Lo Wei yemwe anapanga Big Boss ndi Fist of Fury anamuika mu New Fist of Fury 1976 kuti azikwinya nkhope, sizinayende. Mafilimu angapo osagulidwa. Mpaka anamubwereketsa kwa Ng See-yuen wa Seasonal Films, kukumana ndi Yuen Woo-ping, 1978 kutulutsa ziwiri chaka chimodzi, Snake in the Eagle's Shadow ndi Drunken Master. Apo ndi pamene anapeza njira yake, kuchita zosemphana ndi Bruce. Akamenya munthu dzanja limamupweteka iye yemwe nkumalikupiza, amathawa, amabisala pansi pa tebulo, amamenyedwa mpaka kukwawa pansi pa miyendo ya mdani. Ndipo Yamikani ngati nkhani ndi kuphunzira, Drunken Master ilinso ndi kuphunzira, nkhalamba ya mphuno yofiira ija ndi chipanda chake cha mowa kumuzunza mwana, kumupachika chadodolido azitunga madzi ndi tikapu, kuswa mtedza ndi zala. Nkhalamba imeneyo ndi Yuen Siu-tien, bambo ake enieni a dayirekita.

Yamikani Chilomoni: Iyo ndimaikonda aise, koma ndi nthabwala. 36th Chamber imakulowa mu mtima

Sensei Mavuto: Mu ziwiri zonsezo ine ndimaonera Hwang Jang-lee, chigawenga chija. Mkoreya, wa taekwondo weniweni, ankaphunzitsa asilikali nthawi ya nkhondo ya ku Vietnam. Amadumpha kamodzi nkumenya mateche atatu asanatere, popanda chingwe. Mu Snake in the Eagle's Shadow anamugulula Jackie dzino ndi theche, lenileni osati la filimu. Filimu ya kung fu imakoma ngati bosi wake akuopsa, bosi akakhala wofooka lasiti faiti imakhala yogonetsa tulo.

Madala Gondwe: Jackie wanuyo mukudziwa kuti anathyoledwa khosi ndi Bruce mu Enter the Dragon? Muoneni bwino m'phanga muja, kamnyamata kamene kamugwira kumbuyo Bruce nkukakoka tsitsi. Anali wongogwa nawo basi. Sammo Hung nayenso ndi uja amagonja pa ndewu yotsegulira filimu. Onse anadutsa m'manja mwa mkulu wawo

Chiko wa ku Joni: Zoona madala, koma kugwako ndiye sukulu yake. Jackie, Sammo ndi Yuen Biao anakulira limodzi pa sukulu ya zisudzo za Peking opera ya mphunzitsi Yu Jim-yuen, Jackie makolo anamusiya ali ndi zaka 7 atasainira zaka 10, kudzuka mbandakucha, kugudubuka, kuima ndi manja, ukalakwa ndodo. Masiku ano mphunzitsi wotero amangidwa tsiku lomwelo ndipo nkoyenera, koma ndi kumene kunachokera matupi amene aja. Nchifukwa chake mu Project A 1983 anadzigwetsa kuchoka pa nsanja ya wotchi kudutsa m'matenti mpaka pansi, mu Police Story 1985 kutsetsereka pa chitsulo chodzaza magetsi mu shopu yaikulu manja kupsa, mu Armour of God kugwa mu mtengo ku Yugoslavia chigaza kusweka mpaka opaleshoni. Ndani angabwereze zimenezo lero? Sukulu zoterozo zinatha, anthu ake akukalamba, Jackie ndi wa 1954.

NaBanda: Kunena zoona mbali imeneyo imandimvetsa chisoni. Ife tinkaseka kumapeto akamaonetsa akuvulala, koma panali anyamata ambiri ogwa aja amene maina awo sitiwadziwa nkomwe, kulumala chifukwa cha ndalama ya tsiku limodzi

Sensei Mavuto: Ngakhale otchukawo sikuti ankalemera asisi. Ku Shaw Brothers kwa Run Run Shaw inali fakitale yeniyeni, situdiyo yaikulu ku Clearwater Bay, ma akita ambiri kugona m'nyumba za kampani momwemo, malipiro apamwezi, kontrakiti ya zaka zambiri, ukamaliza filimu iyi mawa wayamba ina pa seti yomweyo atangosuntha mitengo. Nchifukwa chake mlatho umodzimodzi ndi nyumba ya tiyi imodzimodzi mumaziona m'mafilimu ambirimbiri. Bruce atabwerako ku America kumene ankasewera Kato mu The Green Hornet, a Shaw anamupatsa kontrakiti yawo ya masiku onse yotchipa iye nkukana. Raymond Chow amene anali atangochoka kwa Shaw nkuyambitsa Golden Harvest mu 1970 ndi amene anamutola. Sammo nayenso anali wa Golden Harvest, ndipo pambuyo pake Jackie anapitanso komweko. Shaw anapitiriza ndi njira yake yakale mpaka cha m'ma 1985 anasiya nkulimbikira za TV. Mdalayo anamwalira 2014 atapitirira zaka 100.

Yamikani Chilomoni: Koma chizindikiro cha SB chija chikangotuluka ndi malipenga ake umadziwa kuti ndalama yanga sinapite pachabe

Bambo a Tadala: Five Deadly Venoms!! Palibe waitchula? Nankalizi, njoka, chinkhanira, buluzi ndi chule. Ife kusukulu aliyense anali ndi chake, ine ndinali chule chifukwa amati thupi lake silimalowa mpeni, kungoti chule yemweyo ndi amene anafa imfa yowawa kuposa onse atamutsekera mu chibokosi cha misomali

Chiko wa ku Joni: Buluzi woyenda pakhoma uja anatithyoletsa manja ana ambiri kkkk

Sensei Mavuto: Iyonso ndi ya 1978, ya Chang Cheh. Taonani chaka chimenecho, 36th Chamber, Venoms, Snake, Drunken Master zonse chaka chimodzi. Chang Cheh ndi Lau Kar-leung ankagwira limodzi poyamba, Lau ndi amene ankakonza ndewu m'mafilimu a Chang, kenako anasiyana. Ndipo mitima yawo ndi yosiyana, kwa Chang Cheh ndi magazi, staring'i amamenyana matumbo atamanga ndi nsalu mpaka kufa choimirira. Kwa Lau pali mafilimu ena monga Heroes of the East mmene Gordon Liu amamenyana ndi akatswiri a ku Japan mmodzimmodzi, wa karate, wa judo, wa lupanga, wa ninja, koma palibe ndi mmodzi yemwe amafa, mapeto ake nkulemekezana. Ine monga wa karate ndimaikonda chifukwa mafilimu ambiri a nthawi imeneyo Mjapani amangokhala woipa basi.

Madala Gondwe: Zimenezo zinali ndi mbiri yake a Sensei, anthu aja anazunzidwa ndi Japan pa nkhondo, komanso Hong Kong inali m'manja mwa Mngelezi mpaka 1997. Mukaona mu Fist of Fury Bruce akukanizidwa kulowa mu paki nkudumpha kuswa chikwangwani chonyoza chija ndi theche, ife amene makolo athu anakhala pansi pa atsamunda sitinkafuna wotimasulira. Ndi chimene ndikukuuza Yamikani, Bruce sankangomenya zigawenga, ankamenya chipongwe. Nchifukwa chake ngakhale anthu akuda ku America anamukonda kwambiri, ndipo mu Enter the Dragon anaikamo Jim Kelly wa tsitsi la afro uja.

Yamikani Chilomoni: Apo ndiye mwanena mfundo madala. Komabe anthu akuda a ku America omwewo gulu la Wu-Tang Clan chimbale chawo choyamba cha 1993 anachitcha 36 Chambers, sanachitche Big Boss

Madala Gondwe: Koma mawu oyamba pa dzina la chimbalecho ndi Enter, anawatenga kuti?

Admin Fatsani: 1-1 kkkkk

Tiya265: Jet Li ali mbali iti pamenepa? Kapena si wakale

Sensei Mavuto: Ndi wakale ndithu koma ndi wa mtundu wina. Enawa ndi a Hong Kong ndi Taiwan, Jet Li ndi wa ku Beijing, wa wushu ya mpikisano, anali katswiri wa dziko lonse la China ali mwana, mu 1974 anakaonetsa nawo masewera ku White House pamaso pa Nixon. Shaolin Temple ya 1982 anajambulira ku kachisi weniweni wa Shaolin ku Henan osati mu situdiyo, ndipo filimu imeneyo ndi imene inadzutsa kachisiyo, anyamata ambirimbiri anayamba kukhamukira kumeneko kufuna kuphunzira. Kuthamanga ndi kuyera kwa mayendedwe palibe omuposa. Fist of Legend ya 1994 ndi nkhani yomweyo ya Fist of Fury, Tiya ukafuna kuyamba yamba ndi imeneyo pakamwa sipakusokoneza kwambiri. Ndipo ngati ukufuna kuona ndi maso ana a ku malo osamalira ana amasiye a Amitofo ku Blantyre konkuno amaphunzira kung fu ya Shaolin, akamaonetsa pa zochitika umachita kutsegula pakamwa.

NaBanda: Koma Jet Li zingwe zinachuluka m'ma 90 muja, anthu kumangouluka ngati afiti

Chiko wa ku Joni: Nchifukwa chake ine ndimaima pa Wheels on Meals 1984, Jackie ndi Benny Urquidez, wa kickboxing weniweni. Theche lake linazimitsa makandulo ndi mphepo yokha. Ija ndiye ndewu yoposa zonse zimene zinajambulidwapo, Chuck Norris pepani

Madala Gondwe: Chiko ku Joniko kukuzizira eti

Bambo a Tadala: Akuluakulu ndithandizeni filimu ina dzina linandithawa kalekale. Muli nkhalamba yosaona ya nsidze zazitali, imayenda ndi chinthu ngati chipewa chomangirira unyolo, ikaponya chimakuvala kumutu kenako ikakoka mutu wapita. Ikusaka munthu wa mkono umodzi. Munalinso mmwenye amene mikono yake imatalika

Sensei Mavuto: Master of the Flying Guillotine, 1976, Jimmy Wang Yu. Anasewera yekha nkuwongolera yekha, ku Taiwan. Nkhalambayo ikubwezera ophunzira ake awiri amene wa mkono umodziyo anawapha mu filimu yoyamba, One-Armed Boxer, ndiye poti siona imangodula mutu aliyense wa mkono umodzi amene yamumva. Lasiti faiti ili mu shopu ya mabokosi a maliro.

Bambo a Tadala: Yomweyo!!! Ndi mmene anamutsekera wa ku Thailand wosavala nsapato uja m'kanyumba pansi pali chitsulo atasonkha moto kunsi. Koma munthuyo analidi ndi mkono umodzi? Ife tinkakangana mpaka kumenyana

Sensei Mavuto: Anali nayo iwiri bwinobwino, winawo ankaumangirira kumsana mkati mwa malaya, mukaonetsetsa pena umaoneka kutukumuka. Anayamba za mkono umodzizi mu One-Armed Swordsman ya 1967 kwa Shaw, filimu yoyamba ya ku Hong Kong kupeza 1 miliyoni ya ndalama zakumeneko. Ndipo sanali wa kung fu nkomwe, anali katswiri wosambira. Wamwalira 2022.

Bambo a Tadala: Ndiye pali munthu ku Ntcheu ndikufunika ndimuimbire, anandimenya ulere ameneuja

Tiya265: Wosambira?? ndiye a Sensei mwatha ola lonse mukuti akale anali enieni

Sensei Mavuto: Ndinati Lau Kar-leung ndi Hwang Jang-lee mphwanga, Wang Yu sindinamuikire umboni. Ndewu zake nzosalongosoka, amangokupiza mkono, koma nzeru zopusitsira mdani ndi zimene zimakomesa filimu ija

Chiko wa ku Joni: Amene ali nayo yooneka bwino anditumizire ku inbox, imene ndinapeza ine ndi yojambula pa tepi ya VHS mitu ya anthu inadulidwa kale ndi sikirini nkhalamba isanaponye chipewa

Bambo a Tadala: Inenso aise, koma ikhale ya ma MB ochepa bandulo yanga ndi ya WhatsApp yokha